Filiji yopanda chitseko

Pa Liwonde pano aliyense ali ndi chogulitsa. Amayi a pa depoti ali ndi nsomba zouma, anyamata ali ndi chimanga chootcha, a kabaza amagulitsa miyendo yawo. Ine ndimagulitsa mpweya. Ndimagona tsidya la Machinga, m'mawa n'kuwoloka mlatho wa pa Shire kupita tsidya la Balaka, komwe ndili ndi kashedi ka malata kufupi ndi Mangochi Turn-off. Kumeneko ndimamata machubu ndi kupopa matayala.

Zaka zonsezi ndakhala ndikudzitama pa bawo kuti mwa amalonda onse wochenjera ndine, chifukwa katundu wanga sindipikula. Wa tomato amalawirira ku Lizulu, wa kaunjika ku Limbe, pamene ine ndimangoyatsa kompuresa, katundu n'kumalowa yekha m'thanki, wopanda lisiti, wopanda thiransipoti. Anzanga ankangoti "zoona, madala," kwinaku akundidya nkhomo.

Dyera ndi limene linandinong'oneza kuti munthu wokhala ndi kompuresa angathenso kupenta magalimoto. Ndinagula gani yopoperera penti, n'kulemba pa chikwangwani kuti ndine katswiri. Woyamba kukhulupirira chikwangwanicho anali mkulu wina wa minibasi yoyenda pakati pa Liwonde ndi Ntaja. Inali nthawi ya dzinja, mvula itagwa usiku wonse, dzuwa n'kutuluka mokwiya. Ndinapenta ndi mtima wonse, mluzi uli pakamwa. Nthawi ndi nthawi gani ija inkakhosomola n'kulavula timadontho, ine n'kumati ndi mmene zimakhalira kwa akatswiri.

Mwini wake atabwera anazungulira galimoto yake mwakachetechete, akusisita matuza amene anali atatuluka thupi lonse.

"Achimwene," anatero, "ine ndinati muipente. Nanga chikukuchi mwachitenga kuti?"

Ndinayankha kuti penti ya masiku ano ndi yachinyengo. Mnyamata amene ndimagwira naye ntchito, yemwe ali ndi khalidwe loipa lodziwa zinthu pamaso pa makasitomala, anagwada pansi pa thanki n'kupotokola kavalavu kena kamene ine ndinkayesa n'kokongoletsa chabe. Panatuluka madzi ofiira ndi dzimbiri, osakanikirana ndi oyilo, ndipo anayenderera mpaka kunyowetsa nsapato za mwini minibasi.

Tsono taganizani nokha. Thanki yachitsulo, yotsekeka mbali zonse, yosalowa ngakhale nyerere, ikupezeka ndi madzi. Munthu wakuda ngati ine aganiza chiyani? Maso anga anapita okha tsidya lina la msewu, kwa mnzanga wina wopopanso matayala, amene masiku amenewo ankandipatsa moni wansangala mopitirira muyezo. Ndinasiya kumuyankha moni. Ndinayamba kufunsafunsa za agogo ena a kuseri kwa mapiri a Chikala amene amati amatsirika malo a bizinesi.

Anandipulumutsa ndi alamu anga, amene anali atangobwera kumene kuchokera ku Joni, komwe amagwira ntchito yowongola ndi kupenta magalimoto ku Johannesburg. Atamva za mfiti yanga anaseka mpaka kugwira khoma.

"Alamu, mfiti yanu ndi iyo ikuyenda pansi pa mlathoyo," anatero akuloza Shire.

Anatola kamtengo n'kuyamba kulemba pansi, ine nditakhala pa tayala ngati wa sitandade wani. Akuti mpweya umene timapumawu umanyamula madzi osaoneka, ndipo ukatentha umanyamula ambiri. Malita 1,000 a mpweya pa madigiri 30 angathe kusenza magalamu pafupifupi 30 a madzi. Pa madigiri 20 amasenza 17 okha, ndipo pa madigiri 3 sapitirira 6. N'chifukwa chake botolo la zakumwa lochokera m'filiji limachita thukuta: mpweya wolikhudza umazizira n'kutula madzi amene sungathenso kuwasenza. Tsono kompuresa yanga, ikamakankha geji kufika pa 7 bar, imakhala itatenga mpweya wodzaza mathanki asanu ndi atatu n'kuupanikiza m'thanki imodzi. Madzi a mathanki asanu ndi atatu sangakwane m'malo a imodzi. Poyamba sizioneka, chifukwa mpweyawo umatuluka mu kompuresa uli wotentha kwambiri, koma ukangozizira m'thanki ndi m'mapaipi, mvula imagwa m'katimo.

Anawerengetsa kuti kompuresa ngati yanga, yokoka malita 300 pa mphindi, ikalira maola asanu ndi atatu tsiku lachinyezi la mwezi wa Januwale, imatha kutula madzi oyandikira malita atatu. Ndinakumbukira matayala onse amene ndakhala ndikupopa, n'kuzindikira kuti anthu a Ulongwe, Nsanama ndi Nselema akhala akuyenda ndi Shire m'matayala, ine osawalipiritsa n'komwe za madziwo.

Ndinafunsa ngati sikungakhale kwanzeru kusamukira ku Phalula kapena ku Utale, kumene mvula imachita kupemphedwa. Alamu anati ngakhale kumeneko mpweya uli ndi madzi ake, kompuresa idzawapeza basi. Mankhwala ake, akuti, ndi dryer, makina oumitsa mpweya.

Ndinayamba ndi njira ya amphawi. Pali kabotolo kolumikiza pa paipi, kodzaza timikanda ta silica gel, tofanana ndi timene mumatipeza m'timapepala m'bokosi la nsapato zatsopano. Timikandati timamwa chinyezi, ndipo tanga tinali tabuluu, tikakhuta n'kusanduka tapinki. Ubwino wake, mukatitenthetsa pang'onopang'ono timalavula madzi aja n'kubwerera mwakale. Kuipa kwake, chiwaya chimene ndinatenthetsera chinali cha mayi a kunyumba, chokazingira mazira. Chiwayacho tsopano ndi cha ku shedi, poti akuti mankhwalawo si oyenera kuyandikira chakudya, ndipo ndinagula china chatsopano, chachikulu kuposa choyambacho, mosakambirana. Komanso pa Liwonde timikandato tinkakhuta ndisanamalize chitseko chimodzi cha galimoto.

Njira ya timikandayi si yonyozeka ayi, kungoti inafika kwa munthu wolakwika. Mukaima pafupi ndi thiraki n'kumva yachita "tsss!" pansi pake, nthawi zambiri ndi dryer ya mabuleki ikulavula madzi amene timikanda take tamwa. Sitima za malasha zochokera ku Moatize, zimene zimadutsa pa Nkaya ndi pa Liwonde pano kulowera ku Nayuchi mpaka ku Nacala, nazonso zimaima ndi mpweya, nzeru imene George Westinghouse analembetsa ku America mu 1869. Madzi akadzaza m'mavalavu a mabuleki amenewo, nkhani yake siikhala ya matuza. Mafakitale akuluakulu amakhala ndi mathanki awiri a timikanda: ina ikamaumitsa mpweya, inzake imakhala ikudziumitsa yokha, n'kumasinthana. Mpweya wake umauma moti sungatulutse dontho mpaka utazizira kufika madigiri 40 pansi pa ziro, koma pafupifupi magawo 15 pa 100 a mpweyawo amatayika poumitsa thanki yopumulayo. Ine kutaya katundu chotero, ngakhale waulere, mtima sungalole.

Choncho alamu atabwerera ku Joni ananditumizira dryer yamtundu wina, yogwiritsidwapo kale ntchito, kudzera mwa anyamata onyamula katundu odzera pa Mwanza. Mtengo wake sinditchula, chifukwa mayi a kunyumba amawerenga nyuzipepala ino. Chinafika ndi chibokosi chachitsulo chofika m'chiuno, chokhala ndi fani, kageji kamodzi ndi mabowo awiri a paipi. Malangizo ankabwera pa WhatsApp, ndipo ndinawatsatira onse, poti safunsa anadya phula, ndipo ine phula langa ndinali nditadya kale ndi minibasi.

Lamulo loyamba: usayatse lero. Chinthu choti chabwera chikugwedezeka, mwina chogonekedwa, chiyenera kuima chilili maola ambiri kuti oyilo wa m'kati abwerere m'malo mwake. Ndinakhala tsiku lonse ndikuchiyang'ana, anthu odutsa n'kumafunsa ngati ndayamba kugulitsa mafirizesi.

Lamulo lachiwiri linali la malo. Ine ndinkafuna kuchimata pambali penipeni pa kompuresa kuti ndisawononge paipi. Alamu anakuwa pa foni. Akuti mphamvu yolembedwa pa makinawa amaiyeza mpweya wolowa uli pa madigiri 35, malo ozungulira ali pa 25. Aliyense amene analowapo m'shedi ya malata ku Balaka mwezi wa Okutobala akudziwa kuti 25 timangoimva pa wailesi. Kukatentha, dryer imafooka n'kumadutsitsa madzi. Tsono mpweya uyambe wazizira: uchoke mu kompuresa, udutse paipi yachitsulo yaitali, ulowe m'thanki n'kutula madzi ambiri mmenemo, udutse fyuluta yogwira madontho ndi oyilo, kenako ndiye ufike kwa bwana dryer. Bwanayo akhale pamthunzi, popita mphepo, osagunda khoma. Malo otero pa shedi panga analipo amodzi okha, pansi pa mtengo wa mango pamene ndinkagona masana. Ndinamangapo kakhumbi. Masiku ano ndimagona pa benchi, dzuwa likundiwotcha mapazi.

Za mapaipi ndiye zinandidyera ndalama. Ndinali nditagula kale a pulasitiki oyera aja a madzi, koma akuti amenewo akaphulika ndi mpweya amamwaza zidutswa zakuthwa, ndiye anakathera ku dimba. Achitsulo anayenera kupendekeka pang'ono kuti dontho lililonse lotsala litsetserekere ku mapeto, komwe kuli kavalavu kotayira. Paipi yopita ku gani ichokere pamwamba pa paipi yaikulu, ikhote, kenako itsike, chifukwa madzi amayenda pansi. Panafunikanso mavalavu atatu opangira njira yolambalala, kuti bwana akadwala ntchito ya matayala isaime, ndi fyuluta ina yosefa kwambiri pafupi ndi gani. Mnyamata wanga uja ndi amene anazindikira kuti muvi wa pa fyuluta ukuloza kumene mpweya ukuchokera. Ndinamuuza kuti ndimamuyesa dala.

M'mawa uliwonse tsopano pali mwambo. Dryer imayamba kuyatsidwa, ipatsidwe mphindi khumi kapena kuposerapo kuti izizire, kageji kafike pobiriwira, kenako kompuresa. Magetsi akathima n'kuyakanso, osathamangira switchi. Idikire mphindi zingapo. Loweruka ndimapemerera fumbi pa timapepala tachitsulo ta kumbuyo kwake, poti tikatsekeka imatentha n'kuzima yokha. Ndimatchera khutu kuti ndimve ngati kavalavu kake kotayira madzi kakulavula, chifukwa kakatsekeka madzi onse amabwerera m'paipi ndipo magetsi mwalipira aulere. Madzulo ndimakhetsa thanki. Dzimbiri limadya thanki kuchokera m'kati, kunja penti ikuwala bwinobwino, ndipo thanki yodyeka ikaphulika pa 7 bar imatha kuchotsa denga ndi mwini wake yemwe. Ikabooka ndi yotaya, osati yopita nayo kwa owotcherera. Madzi okhetsawo ndimawasunga m'chigubu kuti oyilo ayandame ndimuyengule, chifukwa ngalande ya pa shedi panga imathera mu Shire, ndipo chambo chonunkha kompuresa ndidzachigula ndine ndemwe.

Chimene chimandisowetsa tulo ndi ichi. Mtsinje umene ukundithirira madzi mu mpweya ndi womwewonso umene baraji ya Kamuzu, yomangidwa mu 1965, imauyeza bwinobwino kuti ukazungulitse makina ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Magetsi ake ndimagula ine, kuti ndichotsere madzi a mtsinje womwewo. Shire amandigulitsa matenda ndi mankhwala omwe. Ku bawo nkhani ya katundu wosapikula ija ndinaisiya.

Koma penti ndiye ikugona bwino, munthu n'kumadziona nkhope pa chitseko. Mnzanga wa tsidya lija ndinayambanso kumuyankha moni, ndipo mpaka lero sadziwa kuti anakhalapo mfiti.

Tsiku lina mayi a kunyumba anabwera ndi nsima m'bakuli. Anaima pa kakhumbi kaja, n'kumvetsera kulira kwa chibokosicho. Kulira kumeneko amakudziwa bwino, chifukwa amakumva kwa aneba kumene timakasungitsa nyama ya Khirisimasi.

"Bambo, ichi n'chiyani?"

Ndinafotokoza mwaukatswiri kuti m'katimo muli kompuresa yaing'ono ndi gasi, zimene zimaziziritsa mpweya kufika pa madigiri 3 kuti madzi atsike.

"Ndiye kuti ndi filiji."

Ndinati tingatero, koma mwa njira ina.

"Filiji imene ndakhala ndikuipempha chibadwire mwana wathu woyamba, amene pano ali folomu thuu."

Ndinati nsima izizira.

Anazungulira chibokosicho mbali zonse zinayi, akugogoda. "Chitseko chake chili kuti?"

"Ilibe chitseko, mayi."

"Nanga mumaikamo chiyani?"

"Mpweya."

Anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu. Kenako anagwira paipi yotulukira, mwina poganiza kuti angamangirirepo botolo la thobwa, n'kupeza kuti si yozizira n'komwe. Ndinayenera kufotokozanso kuti mpweya wozizira uja, usanatuluke, umadutsana ndi wotentha umene ukulowa, kuti uuziziritseko winawo, iwo n'kufundanso, mapaipi asamachite thukuta.

"Mumauziziritsa."

"Eya."

"Kenako n'kuutenthetsanso."

"Eya."

"Ndi mayunitsi ogula."

Apa sindinayankhe, ndinali nditatanganidwa ndi mbamu.

Kuyambira sabata imeneyo buku la ndalama za pa shedi limagona kunyumba. Galimoto iliyonse ikapentedwa, gawo lake limapita m'kachitini kamene malo ake sindiwadziwa. Asanachoke tsiku lija anatola chingwe n'kuyeza msinkhu wa dryer, n'kumanga mfundo. Akuti yakunyumba ikhale yaitali kuposa pamenepo kawiri, ndipo ikhale ya zitseko ziwiri: chimodzi chake, chinacho cholipira chimene chikusowa pa yangayi.