Madzi saiwala khwawa, Chrome nayenso saiwala

Anthu a m'mbali mwa Rivirivi sasowa kuwamasulira mwambi woti madzi saiwala khwawa. Mvula ikagwa kumtunda ku Ntcheu, madzi amatsika osafunsa njira. Koma masiku ano mwambiwu wapeza ganyu kwina, m'timashopu tosindikiza makalata ta pa Balaka, momwe kompyuta imodzi imagwiridwa ndi manja a tauni yonse.

Matenda a makompyuta amenewa ndi amodzi. Wina adadina "Allow" pofuna kuonera mpira waulere, wina adaikamo ka extension kolonjeza nyimbo. Lero munthu akatsegula Chrome kuti atumize kalata yofunsira ntchito, Google kulibe, kwakhala tsamba lachilendo, ndipo pakona pakutumphuka uthenga woti wapambana foni pampikisano umene sadalowe n'komwe.

Anyamata ambiri a m'mashopumu mankhwala awo ndi kufufuta Chrome n'kumuikanso. Bandulo ya Airtel kapena TNM imathera pomwepo, matenda osachoka, chifukwa foda yosunga zokonda za wogwiritsa ntchito nthawi zambiri imatsalira m'kompyutamo.

Chonsecho njira yosadya ndalama ilipo. Mu Settings muli "Reset settings", kenako "Restore settings to their original defaults". Kungodina pamenepo, tsamba loyambira ndi pofufuzira zimabwerera mwakale, ma extension onse amazima, ma cookies amasesedwa, timauthenga ta mphoto tija timakhala chete. Firefox ali ndi yake, "Refresh Firefox", ndipo iyeyu ngwaulemu: zakalezo amaziunjika mufoda yotchedwa "Old Firefox Data" pa desktop, kuti mwinizo akazilira akazitole. Madzi abwerera m'khwawa mwake, makolo adanena zoona.

Kungoti zoonazo zidapitirira muyeso. Reset sakhudza ma bookmark, ma password osungidwa, ngakhale history. Bambo amene wadina batanilo usiku, poganiza kuti mayi akunyumba sadzadziwa kumene ndalama ya feteleza idalowera, akudzinamiza: mayi angolemba "b" mmodzi, Chrome n'kumalizitsa yekha dzina lonse la tsamba lobetchera, mwachangu ngati wafunsidwa. Ma extension aja nawonso angogonekedwa, sanathamangitsidwe. Loweruka likafika, timu ikamasewera, chala chomwe chija chidzawadzutsa.

Za bamboyu n'zoseketsa, koma za mtsikana wochokera ku Ulongwe amene adalowa mu imelo yake pashopu n'kuvomera kuti Chrome asunge password sizoseketsa. Mwini shopu angachite reset kakhumi, password ija ikadali mommo, kudikira aliyense wokhala pampandowo pambuyo pake, pamodzi ndi ziphaso zake za MSCE zimene zili mu imelomo. Kuichotsa n'kulowa mu Password Manager n'kuifufuta pamanja. Ndipo mwini shopu woganizira makasitomala ake akadamawatsegulira Guest, amene amataya zonse munthu akangotseka zenera.