Mbuzi imodzi, zingwe 7

Ku ofesi kwathu ndinasanduka katswiri wa makompyuta tsiku lomwe ndinasolola pepala lokanirira m'pulinta. Chiyambire pamenepo, ngakhale ketulo ikafa amaitana ine. Ndiye abwana atalamula kuti mafailo athu azisungidwanso pa disiki ina, maso onse anali pa ine, inenso kugwedeza mutu ngati ndinapitira sukulu zimenezi.

Nditafunsafunsa ndinapeza rsync, pulogalamu yomwe Andrew Tridgell ndi Paul Mackerras anatulutsa mu 1996. Mmene ndinaikonzera, usiku uliwonse pamabadwa foda yatsopano, daily.0. Yadzulo imasunthira ku daily.1, choncho mpaka daily.6, ndipo nkhalamba ya zonse imafufutidwa. Chokoma chake n'chakuti ukalemba --link-dest, failo yomwe sinasinthe sikopedwanso ayi, imangomangiriridwa chingwe china chotchedwa hard link. Mbuzi ndi imodzi, zingwe 7. Ukadula chingwe chimodzi mbuzi ili pompo, imasowa ukadula chomaliza. Abwana ndinawafotokozera zimenezi manja ali m'thumba.

Zinthu zinayamba kuvuta mayi wathu wa maakaunti atasiya ntchito. Lolemba kunabwera kamnyamata kaulemu kolowa m'malo mwawo, ine n'kulemba chown kuti mafailo onse a mayi aja akhale m'dzina la iyeyu. Kutacha, disiki ija yatupa ngati mimba ya mlendo wa pa ukwati. Kani rsync ndi nyakwawa yosanyengerera! Imamanga chingwe pokhapokha zonse zikafanana ndi zadzulo: kukula kwa failo, nthawi yomwe inasinthidwa, zilolezo, ndiponso mwini wake. Mwini akangosintha, imati iyi ndi mbuzi yachilendo, n'kuimangira khola lakelake.

Apa m'pamene nzeru zinandichulukira. Ndinafufuta daily.0, kulowa mu daily.1, kulembanso chown momwemo kuti zadzulo zifanane ndi zalero. Nditayendetsanso rsync, disiki inaphwa bwinobwino. Tsiku limenelo ndinadzigulira tchipisi cha pachiwaya, chothira ndi dzira lomwe.

Lachisanu abwana akuona masamu a mafuta a galimoto sakugwirizana. Anati titsegule zosunga za sabata yatha tione mwini failoyo. Kutsegula daily.6, dzina la kamnyamata kaja. daily.5, lomwelo. Konse, lomwelo.

"Iwe, ndalamazi zinayenda bwanji Loweruka lapitali?"

"Bwana, Loweruka ine ndinali kumudzi, ndimapalira chimanga."

Mwachinunu ndinalemba ls -li. Nambala yoyambirira, ija amati inode, inali imodzimodzi m'mafoda onse, ndipo patsogolo pake panali 7, kuwerenga zingwe. Dzina la mwini silikhala pachingwe, limakhala pambuzi. Ine ndinadinda chizindikiro pambuzi imodzi, n'kumayesa kuti ya dzana ndi ya dzanalo zatsala zoyera. Umboni wa masiku onse aja ndinaupaka dzina la mwana wa eni ndi chala changa chomwechi.

Abwana anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Akatswiri, zikutheka bwanji zimenezi?"

Ndinatsokomola kawiri. Kukhitchini wina anakuwa kuti ketulo yasiyanso kuwira, ndipo sindinathamangepo chotero chibadwire.