Tivule zipewa, Jenkins akudutsa

Mwa onse amene amatisowetsa tulo ife olimbana ndi WRF, pulogalamu yolosera nyengo imene a NCAR a ku Boulder, Colorado, amaisamalira, palibe woyenera kumuombera m'manja kuposa Jenkins, pulogalamu yoyesa zimene tasintha, bambo uja wa suti ndi katayi kofiira pa chizindikiro chake.

Ukangosintha kamzere kamodzi ka Fortran n'kukaponya ku GitHub, iye wadzuka kale. Amatsegula makontena a Docker, monse muli zida zofanana, netCDF yemweyo, MPI yemweyo, n'kuyamba kumanganso pulogalamu yonse. Iwe uli duu, tiyi akuzizira. Mawu aja tinkathawirako, akuti "kwanga ikuyenda bwinobwino", anawaika m'manda popanda n'chipepeso chomwe.

Koma ulemerero wake weniweni ndi uwu: Jenkins safunsa ngati mvula idzagwedi. Zimenezo n'zachibwana kwa iye. Amayendetsa nyengo imodzi pa purosesa imodzi, kenaka pa mapurosesa angapo, n'kuyerekeza zotsatira. Zikasiyana pa kanambala kotsiriza, kutali uko kuseri kwa kadontho, psuu, chofiira! Zikafanana ndendende, chobiriwira, ngakhale zonsezo zikulosera chisanu ku Nsanje mwezi wa Okutobala. Ndi mfumu imene ilibe nazo ntchito zoti anaba mbuzi ndani, bola mboni zonse zinene bodza limodzi. Chilungamo choposa apa mudzachipeza kuti?

Chondiwawa n'chakuti mkuluyu sakulakwa. Mu 1961 Edward Lorenz wa ku MIT anadula 0.506127 kukhala 0.506, poyesa tinambala totsalato n'topanda pake, ndipo nyengo ya m'kompyuta yake inakhotera kwina kotheratu. Mu WRF, kusiyana kochepa kotere kawirikawiri kumaulula variable imene munthu wina, tisamutchule, anaiwala kuipatsa nambala yoyambira. Jenkins amaifukula, n'kuiyanika poyera kuti dziko lonse lione dzina la mwini wake.

Komabe abale, tinene zoona. Pali masiku ena kontena imafa yokha, mwina makina amene imakhalamo adzaza, mwina intaneti yatsokomola. Chofiira chomwecho, pa munthu wosalakwa. Ukabwereza osasintha kanthu, chobiriwira. Kupepesa? Iye? Ndiye pali abwana ena amene Fortran sanaionepo chibadwire, koma mitundu iwiriyi amaidziwa bwino. Amafika kumbuyo kwako manja ali m'thumba, "Bwanji pafiira apa?" Pakabiriwira amalemba lipoti loti ntchito yayenda chifukwa cha utsogoleri wabwino.

Nanga a neba anga a kuseri kwa mpanda? Iwo amalosera ndi bondo. Likawawa, akuti ibwera lero, anule ufa. Ikapanda kubwera, akuti a zanyengo ndife amene taibalalitsa ndi makompyuta athu. Bondo limenelo silinalowepo m'kontena, lamanzere ndi lamanja sagwirizana n'komwe, koma mudzi wonse umalimvera. Achimwene, tibwerekeni mawondowo Lolemba, Jenkins akawayerekeze.