Bwalo la Waya ku Donnington

Makolo athu amene anatsikira ku Bulawayo masiku a Mthandizi ndi malole a Ulere, ena atayenda pansi masabata ambiri, anali ndi chizindikiro chimodzi chotsimikiza kuti thukuta lawo silinagwere pamchenga, ndicho chinthu cholira: poyamba galamafoni yopukusa ndi dzanja, pambuyo pake wailesi ya Supersonic, imene inkapangidwa mumzinda womwewu, ndipo munthu akafika nayo kwawo ku Dedza kapena ku Ntcheu, mudzi wonse unkadziwa kuti mwana wawo sanapite kukasewera. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinatha mu 1963. Mafakitale ambiri a ku Belmont ndi ku Donnington analeka kufuka utsi, ena mpaka kusanduka nyumba zopemphereramo. Koma mwambo wa chinthu cholira sunafe ayi. Lero mwana wa mtchona sakhutira ndi bokosi limodzi. Afuna masipika asanu, atatu kutsogolo ndi awiri kumbuyo, pamodzi ndi chibokosi cha mabesi chimene anyamata amachitcha sabufa, kuti mfuti ikalira pa kanema, mlendo atembenuke kuyang'ana kukhomo.

Tsono bambo wina wa kuno ku Donnington, kumbali ya msewu wa ku Plumtree, amene dzina lake ndilisunga pakuti ndimadya nsima pakhomo pake, analandira katundu wotere kuchokera kwa mwana wake wa ku Johannesburg. Malayitsha, wonyamula katundu wa anthu, anamuolotsa pa Beitbridge ali bwinobwino, koma atamasula makatoni anapeza kuti zonse zilimo kupatula waya. Ndipo popeza mutu umodzi susenza denga, komanso popeza denga lotere n'lokoma kulisenza anthu akuona, iye anaitana bwalo Loweruka masana.

Anafika atsibweni ake a ku Sizinda, nkhalamba imene inagwira ntchito ku njanji mpaka tsitsi kuyera, ndipo anakhala pampando wa manja. Anafika alamu ake, mkulu wa mpingo, atavala jekete ngakhale kunali kotentha. Mkamwini, amene amakonza mafoni m'tauni, ndipo mwa amuna onsewo ndiye yekha anagwirapo waya chaka chino, anakhala pakhonde kunja, chifukwa apongozi ake aakazi anali m'nyumba, kotero kuti nzeru zake zinkalowa pazenera, ndipo zambiri zinkathera pa katani. Malonje atatha, ndipo aliyense atafunsidwa za nyamakazi yake, mlandu unayalidwa.

Atsibweni ndiwo anayamba. "Mphwanga," anatero, "ine ndaona zitsulo. Chinthu chowonda sichinapulumutsepo munthu. Gulani waya wa sitovu, uja wa mamilimita 6, kuti mawu ayende momasuka."

Alamu anaomba m'manja mwaulemu, nati iwo adzera kale kusitolo, ndipo wogulitsa anawatchulira manambala anayi, 12, 14, 16 ndi 18. Ndipo iwo, pofuna kuti banja lisachite manyazi, anauza mnyamatayo kuti awasungire wa 18, pokhala ndiye wamkulu pa onse. Pazenera panamveka kutsokomola. Pakuti m'kawerengedwe ka ku America kamene kamalembedwa AWG pa mipukutu yambiri, nambala ikamakwera waya amawonda, chifukwa inachokera m'kuwerenga kuti chitsulocho chakokedwa kangati m'zibowo zochepetsa. Chotero wa 18 sakwana ndi milimita imodzi yomwe m'kukula kwa mutu wake, wa 16 ali ndi 1.3, wa 14 ali ndi 2.1, ndipo wa 12, amene alamu anamuyesa mwana wa onse, ali ndi 3.3. Mkamwini atanena zimenezi motsitsa mawu, alamu anayankha kuti Azungu anasokoneza zinthu zambiri, ndipo ichi n'chimodzi mwa izo.

Apa ndi pamene mwana wamkazi wa pakhomopo, wa Fomu 4, analowa ndi tiyi, nagwada, nati, "Agogo, pepani, kumbuyo kwa masipikawa alembako 8 ohms, ndipo chipinda chino n'cha mamita 5. Waya wa 1.5 akwana." Atsibweni anamuyang'ana mwachifundo, namufunsa ngati shuga ali m'thireyimo.

Komatu mwanayo ananena zoona zokhazokha, ndipo ndiyenera kumuimira pano, popeza pabwalo panalibe womuimira. Ife a ku Bulawayo, amene madzi amatifika mwa apo ndi apo, tidziwa kuti paipi yowonda ndi yaitali imafikitsa madzi ofooka, koma tidziwanso kuti kuika paipi yaikulu ya kudamu la Ncema pakati pa thanki ndi bafa sikuonjezera ndi dontho limodzi lomwe. Waya aliyense amakaniza magetsi pang'ono, ndipo kukanizako kumakula akatalika, kumachepa akanenepa. Amisiri a zomveka amati kukaniza kwa waya kusapose magawo 5 pa 100 a kukaniza kwa sipika, ndiye kuti 0.4 ohms pa sipika ya 8. Waya wamkuwa wa mamilimita 1.5, ukamuyendetsa mamita 10 m'mbali mwa khoma kufikira sipika yakumbuyo, kupita ndi kubwerera komwe, amangofika cha pa 0.23. Sipika ikakhala ya 4 ohms, kapena mtunda ukapitirira mamita 15, pamenepo wa 2.5 ayenera, kupyola apo munthu akudyetsa maso a anansi, khutu lake silipindulapo kanthu. Sabufa nayo, ngati ili ndi pulagi yakeyake ya kukhoma, siifuna n'komwe waya wamtunduwu, koma chingwe chimodzi cha RCA.

Koma nkhani ya maso a anansiyo ndiyo inali pamtima pa mwininyumba, ngakhale sanaitchule, pakuti kutsidya kwa mpanda kuli bambo wina amene anagula zotere chaka chatha, ndipo waya wake amaoneka munthu ali pamsewu.

Chotero bwalo lonse linakwera kombi kulowa m'tauni, ndipo m'sitolo ina, imene sindiitchula, linakumana ndi mnyamata wa lilime lothira mafuta, amene ataona jekete la alamu anadziwa kuti tsiku lake lafika. Anawaonetsa waya wonenepa wa chikopa choonekera m'kati, nati mkuwa wake anauchotsa mpweya wonse. Anawaonetsa timivi tolembedwa pachikopapo, nati mawu ayenera kutsata kumene muvi waloza, ngakhale kuti magetsi a nyimbo amapita uku ndi uku kambirimbiri pa kamphindi kamodzi, osafunsa muvi. Anatulutsanso mapulagi otchedwa banana plug, opakidwa golide, ndipo atsibweni anawanyamula ndi manja awiri. Golideyo ntchito yake ndi imodzi yokha, kuti pamalumikizidwe pasachite dzimbiri; mawu sawakometsa. Tisaganize kuti matendawa ndi athu okha: ku America, mu 2007, James Randi, munthu wodziwika ndi kuvumbula achinyengo, analonjeza madola 1 miliyoni kwa aliyense amene angazindikire ndi khutu lokha waya wa madola 7,250 pomusiyanitsa ndi wina wotsika mtengo, ndipo ndalamazo palibe anazitenga.

Chimene mnyamata uja sananene, ndipo mkamwini anachiona pongonyamula mpukutu m'dzanja, n'chakuti waya wonenepayo anali wopepuka modabwitsa. Anapempha kachidutswa, nakapala ndi mpeni, ndipo taonani, kufiira kunachoka, pansi pake panatuluka choyera. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: anali aluminiyamu wokutidwa ndi mkuwa pamwamba pokha, ndipo aluminiyamu amayendetsa magetsi pafupifupi magawo 6 pa 10 a mmene mkuwa uyendetsera, komanso amathyoka msanga ukamupindapinda. Mkamwini ananong'oneza apongozi ake aamuna kuti wamkuwa weniweni wa 1.5 ali pashelefu yapansi, pamtengo wochepa. Apongoziwo anayang'ana wowondayo, nayang'ana wonenepayo, nakumbukira mpanda. Ndipo anagula mamita 40 a wonenepa, pamodzi ndi mapulagi agolide.

Kunyumba anapeza mlandu wina ukuwadikira, umene sunafune bwalo chifukwa woweruza wake anali mmodzi. Mayi a pakhomo, amene simenti ya pabalaza amaipukuta ndi polishi wa Cobra mpaka munthu kuona nkhope yake, anaima pakhomo la kukhitchini, nati, "Bambo a ana, njoka zanuzi sizidutsa pakati pa nyumba yanga, ndipo msomali m'khoma langa simukhoma." Anagamula kuti waya adutse kuseri kwa kabati, pansi pa sofa ndi kumbuyo kwa makatani, kumene ngakhale mnansi wa maso akuthwa sangamuone, ndipo chigamulo chimenechi chinalibe apilo.

Zotsala zinachitika mofulumira, ndipo zinali zomvetsa chisoni. Kumbuyo kwa masipika kunalibe pobaya mapulagi agolide aja, koma timabowo ting'onoting'ono ta sipuling'i, tomwe umadina ndi chala n'kulowetsa waya wosenda. Mapulagiwo anaikidwa m'kabati pamodzi ndi makapu a alendo. Waya wonenepayo anakana kulowa m'timabowomo, ndipo atsibweni, amene anaumirira kunenepa tsiku lonse, anatenga lezala ndi dzanja lawo lomwe, nayamba kudula timawaya ta kumapeto theka lathunthu kuti otsalawo alowe. Kamodzi ka ito, kosapotedwa bwino, kanatuluka pambali n'kukhudza bowo linzake, ndipo ampulifaya, itangoyatsidwa, inalira kamodzi n'kudzizimitsa yokha podziteteza. Alamu anati nyumba imafuna pemphero isanalandire zinthu zachilendo. Mkamwini, ataloledwa kulowa mpaka pa chitseko, anakapinda kawayako ndi chikhadabo, ndipo makinawo anadzuka.

Nyimbo inalira, koma yopanda mimba, ndipo mawu a woimba sankadziwika kumene akuchokera. Akuluakulu anagwedeza mitu, nati uku ndiye kumveka kwa chizungu, kofatsa, kosachita phokoso la m'mabawa. Choona chinali chakuti pa sipika yakumanzere, waya wa mzere anapita kubowo lakuda m'malo mwa lofiira, kotero kuti sipika ina ikamakankha mpweya inzake inkakoka, ndipo mawu okhuthala ankaphana okhaokha pakati pa chipinda. Mwana wa Fomu 4 uja, pobwera kudzatenga makapu, anagwada kuseri kwa sipikayo monga wotola supuni, nasinthanitsa mawaya awiriwo. Pomwepo magalasi a kabati ananjenjemera. "Mwamva?" anafuula atsibweni. "Waya watenthedwa tsopano, wayamba ntchito!"

Mwininyumba, mtima uli m'malo, analamula kuti mazenera atsegulidwe chifukwa cha kutentha, makamaka a mbali ya kumpanda. Ndipo pofuna kuonetsa bwalo kuti makinawa amamvana ndi foni popanda chingwe, analumikiza yake, nadina chinthu choyamba chimene chala chake chinapeza. Unali uthenga wa mawu wa pa WhatsApp wochokera kwa mlongo wake amene anabwerera kumudzi ku Ntcheu, ndipo unatuluka momveka bwino koposa, mpaka kumsewu.

"Achimwene, tikuoneni. Kuno tamva kuti mwagula kanema wa masipika asanu ndi limodzi, tathokoza Mulungu kuti zinthu zikukuyenderani. Ndiye ndimati ndikukumbutseni za feteleza uja munalonjeza chaka chatha, matumba awiri, ndi malata a nyumba ya mayi, amene munati ndalama zavuta."

Mwininyumba anafunafuna podina kuti atseke, koma chala chinapita pokweza. Alamu anayang'ana kudenga. Kutsidya kwa mpanda wina anazimitsa wailesi yake kuti amve bwino.

"Waya ameneyu ndi wabwino, mphwanga," anatero atsibweni uthengawo utatha, akupukuta magalasi awo. "Mawu onse afika. Palibe ndi limodzi lomwe latsalira m'njira."