Mphini Yobwereza Yawaladi pa Songani

Aphunzitsi athu ankaukonda mwambiwu mayeso akayandikira. "Mphini yobwereza ndiyo imawala," ankatero, kwinaku akutibwezera patsamba lomwe tinali titaliwerenga kale mpaka kulidetsa ndi zala. Alaliki nawo amauponya akafuna kulalikiranso uthenga wa sabata yatha mosachita manyazi. Koma mphini zenizenizo zinapita ndi azigogo athu, mwambi n'kutsala wokha ukugwira ganyu m'makalasi ndi m'matchalitchi. Chaka chino mwana wa achemwali anga, woyendetsa njinga yamoto ya kabaza pa Songani, waubwezera mwambiwu pakhungu pomwe unachokera. Tsoka lake, khungulo ndi lake lomwe.

Zinayamba ndi chibwenzi. Mnyamatayu anaona kuti kumugulira mtsikana mayunitsi ndi kumunyamula ulele panjinga sikukukwanira kusonyeza zakumtima. Anapita kwa mnzake wometa tsitsi kuseri kwa msika, yemwe ali ndi makina a tattoo opanga yekha: kamota kochotsa mu wailesi yakufa, chubu cha bolopeni, singano yosokera zovala ndi waya wa chaja ya foni. Inki nayo ndi ya bolopeni yomweyo. Analemba dzina la mtsikanayo kuchokera pachigongono kutsikira kudzanja. Zilembo zoyamba zinatuluka zikuluzikulu, zomaliza zinachita kupanikizana poti mmisiri anazindikira mochedwa kuti mkono uli ndi polekezera. Mvula isanathe, mwini dzina anakwatiwa ndi mnyamata wina wobwera ku Joni.

Apa m'pamene Japan analowa m'nkhani. Dzikoli si lachilendo kwa ife. Ma Sienta ndi maminibasi odzaza mumsewu wa Zomba–Liwonde anayamba atopa kaye kwawoko asanabwere kudzatopera kuno, ndipo achinyamata a ku Japan odzipereka akhala akubwera kudzagwira ntchito m'Malawi kuyambira 1971. Koma Japan amene mnyamata wathu anamupeza ndi wa pafoni: amuna a misana yodzaza zinjoka, maluwa, mafunde ndi nsomba zofiira. Anasankha nsomba. Anabwerera kwa wometa uja n'kumuonetsa chithunzi, nati aphimbe dzina lonse ndi nsombayo.

Amene anayamba kupereka malikisi ndi amayi ogulitsa nsomba za ku Chilwa pamsika.

"Achimwene, mlambawo mukuchita bwanji? Ndi wowamba kapena wauwisi?"

Madzulo ake anafika kwathu nkhope ili gwaa.

"Ankolo, anthu a pano ndi osazindikira. Iyi ndi koi. Imakwera mathithi, ikafika pamwamba imasanduka chinjoka."

"Nanga ndevuzi?"

"Koi ilinso ndi ndevu, ankolo."

Pa ndevupo sananame, koi ili nazodi. Koma mutu wophwatalala uja, thupi lakuda bii lopanda mamba lija, ngakhale mwana wa ku Kachulu wosayamba sukulu akanakuuzani kuti ndi ndiwo. Ndiye anabwereranso kachitatu kuti akamuikire mamba ndi mafunde. Singano itadutsanso malo omwe inadutsa kale kawiri, khungu linakwiya. Linatupa, linatuluka mafinya, ndipo litapola linasiya chipsera chotukuka, chosalala, chonyezimira. Dzuwa likawomba pamkonopo mumachita kuphethira. Makolo sananame, mphini yobwereza yawala. Chomvetsa chisoni n'chakuti mbali yomwe yatukuka kwambiri ndi yomwe inatemedwa koyamba, moti dzina la mkazi wa mwini lija tsopano likuwerengeka ndi chala ngakhale magetsi atazima.

Ndikanangoseka n'kusiyira pomwepo, koma amalume saseka nthawi yaitali, mlandu umawapeza. Ndinafuna kudziwa kuti eni ake nsombayo amachita bwanji kuti yawo isasanduke mlamba, ndipo ndinapeza kuti mwambi wathu uja kumeneko amautsatira kuposa ife. Luso lawo amalitcha irezumi kapena horimono. Mmisiri wachikale amamangirira masingano kunsonga kwa kamtengo, n'kumabaya khungu ndi dzanja, kamodzikamodzi. Inki yake yakuda imachokera ku mwaye, m'bale wake wa makala omwe azigogo athu ankapaka. Amayamba ndi mizere ya m'mbali, kenaka mthunzi, kenaka mitundu, ndipo munthu wofuna msana wonse amabwerera kwa mmisiri yemweyo mobwerezabwereza kwa zaka, akulipira pang'onopang'ono ndi kupirira ululu. Wophunzira lusoli amatha zaka akutumikira mbuye wake asanaloledwe kukhudza khungu la munthu. Wometa wathu anaphunzira Loweruka limodzi pa YouTube, bandulo n'kumuthera vidiyo isanafike pakati.

Komatu kubwereza kumeneko kunalinso ndi nkhope ina. Mu 1720 boma la ku Edo, komwe lero ndi Tokyo, linakhazikitsa mphini ngati chilango cha akuba m'malo mowadula mphuno ndi makutu. Ambiri ankawatema mizere yozungulira mkono. M'madera ena ankatema pamphumi, ndipo wakuba akabwereza kuba, boma nalo linkabwereza kutema, mzere pamwamba pa mzere, mpaka pamphumipo patuluke chilembo chotanthauza galu. Imeneyonso inali mphini yobwereza, ndipo inkawala mudzi wonse n'kuiona. Ndinamuuza mnyamata wathu kuti athokoze, iye anangothera pa nsomba.

Zokongolazo zinafala pambuyo pake, makamaka kuyambira cha mu 1827 pamene wojambula Utagawa Kuniyoshi anatulutsa zithunzi za ngwazi za m'nthano yachitchaina yotchedwa Suikoden, zina mwa izo matupi ali odzaza zojambula. Amene anatengeka nazo sanali mabwana. Anali ozimitsa moto, amisiri, onyamula katundu ndi onyamula anthu pamachila, kapena kuti akabaza a nthawi imeneyo. Pamenepa mnyamata wathu anawongola khosi, nati ndiye kuti ali pamzere wa makolo. Ndinamulola, si tsiku lililonse munthu amapeza makolo ku Tokyo.

Chimene chinandikhudza ine ndi cha 1872. Boma latsopano la Japan, pofuna kuti azungu asalione ngati dziko lotsalira, linaletsa tattoo, ndipo lamulolo linakhalapo mpaka 1948. Amayi a mtundu wa Ainu kumpoto, omwe ankatema mphini kuzungulira milomo, ndi amayi a ku Okinawa, omwe ankatema kuseri kwa manja, nawonso analetsedwa. Koma azungu omwe ankawachitira manyaziwo ndi amene anayamba kufola kwa amisiri aja. Mu 1881 mwana wa banja lachifumu la ku Mangalande, George, anajambulitsa chinjoka pamkono ali ku Japan. Ameneyu ndi amene anadzakhala Mfumu George V mu 1910. Tangoganizani. Nthawi ya nkhondo ya Chilembwe mu 1915, abwanamkubwa a ku Zomba kuno ankagwadira mfumu ya chinjoka pamkono, pamene m'zaka zotsatira atsikana a kwathu ankaphunzira kusukulu ndi kutchalitchi kuti mphini za amayi awo ndi zachikunja. Ife tinamvera bwino kwambiri. Tinazitaya, ndipo lero zidzukulu zikukazigula pafoni, zitasintha dzina.

Mayi anga, omwe mnyamatayu amati anganga, ali nazo pamasaya ndi pamphumi, ngakhale makwinya azimeza. Anamuitana kuti aone mkonowo. Anaugwira, kuutembenuza, kuyendetsapo chala chawo chokhakhala ndi khasu.

"Wakutema ndani?"

"Mnzanga wina wake, anganga."

"Alibe dzanja."

Sanamunene kuti wachimwa. Anamunena kuti watemedwa moipa, basi. Anafotokoza kuti iwo ankatemedwa ndi lumo n'kupakidwa makala osinja, ndipo zikapola n'kuoneka zofooka, ankabwerera kwa mayi yemweyo kuti adutsenso pamzere womwewo. "Ife sitinkabwerera kukasintha maganizo, iwe. Tinkabwerera pomwepo." Kenaka anaseka n'kunena kuti za kumaso zinali za anthu onse, koma zinalipo zina zomwe anaziona ndi malemu agogo ake aamuna okha. Mnyamata anayang'ana kumbali, ine ndinakumbuka mwadzidzidzi kuti mbuzi sizinamangidwe.

Pamenepo mayi anga anagwirizana ndi a ku Japan osawadziwa. Kumeneko munthu amatha kujambulitsa msana, chifuwa ndi ntchafu, koma n'kusiya kanjira kosajambula pakati pa chifuwa, ndipo zojambulazo zimalekezera pomwe malaya amaphimba. Akavala, simungadziwe kuti wanyamula chinjoka. Amabisa chifukwa cha ulemu, komanso chifukwa anthu kumeneko akaona tattoo amaganiza za zigawenga za yakuza. Mpaka lero malo ambiri osambira pa akasupe a madzi otentha salola munthu wa tattoo kulowa, ndipo pa mpikisano wa dziko lonse wa rugby mu 2019 osewera ochokera kunja analangizidwa kuti aziphimba zawo m'malo ngati amenewo. Mnyamata wathu atapita ku Japan ndi nsomba yake ya ku Japan, akhoza kumubweza pakhomo la bafa.

Kuno sitibweza munthu kumtsinje wa Domasi, timangomunena. Ndipo onena kwambiri ndi azibambo anzanga, omwe ndimawadziwa bwino. Muwavule malaya muone. Pachifuwa, m'chiuno, m'mfundo za miyendo, timizere tiwiritiwiri ta kwa sing'anga, ena otemera mutu waching'alang'ala, ena otemera zinthu zomwe sanganene pamaso pa akazi awo. Iwowa ndiye akatswiri a kubwereza, poti mankhwala akasuluka amapitanso. Kusiyana kwawo ndi mnyamatayu n'kwakuti zake zili poyera, ndipo zili ndi ndevu.

Pali chimodzi chokha chimene sindinaseke nacho. Singano ija ndi imodzi, ndipo anyamata amapita kumeneko m'magulu. Kuipukuta ndi kansalu konyowetsa sipiliti sikukwanira kuthamangitsa HIV kapena matenda a chiwindi a hepatitis B. Ku Japan nkhani ya yemwe ali woyenera kubaya khungu la mnzake inafika mpaka kukhothi lalikulu kwambiri m'dzikolo, lomwe mu 2020 linagamula mlandu wa wojambula wa ku Osaka, Taiki Masuda, kuti ntchitoyi siifuna chiphaso cha udokotala. Iwo anakangana zaka zingapo m'makhothi. Ife kuseri kwa msika sitinafunse n'komwe ngati singanoyo inawiritsidwa. Ndinamuperekeza kukayezetsa magazi, ndipo ulendo umenewo anayendetsa njinga mwaulemu kuposa masiku onse.

Za nsombayo, ine ndili kumbali ya amayi a pamsika, koma pa chifukwa china. Koi ndi nsomba ya padziwe la munthu wolemera, yodyetsedwa ndi dzanja. Mathithi amene imakwerawo ali m'nthano. Mlamba timaudziwa ntchito zake. Nyanja ya Chilwa, yomwe ilibe mtsinje wotulutsa madzi, inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 anthu anaona mabwato atakhala pamatope ong'aluka. Matemba ndi makumba amafa msanga madzi akachepa. Mlamba umatha kupuma mpweya wa kunja, umabisala m'matope ndi m'maiwe otsalira a mitsinje ngati Domasi ndi Likangala, ndipo madzi akabwerera umapezeka ulipo. Kwa mnyamata amene amadzuka m'bandakucha kukalimbirana makasitomala, mafuta akukwera mtengo, mwini njinga akudikira yake madzulo alionse, sindikuona nsomba ina yomuyenera. Ndinamuuza zimenezi ndi mtima wonse. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Komabe ndi koi, ankolo."

Tsopano wapeza mbeta, mwana wa mkulu wa mpingo, bambo woti Levitiko 19 vesi 28 amaidziwa pamtima. Chinkhoswe achiika mu Okutobala, mwezi womwe ngakhale abuluzi amafuna mthunzi, ndipo nkhoswe ya kuchimuna ndine. Tinapita pa kaunjika kukasankha malaya a manja aatali, oyera, a kolala yolimba. Amukwana bwino, koma akatambasula dzanja kuti apereke moni, mchira wa nsomba ukusuzumira pansi pa batani. Achemwali akuti timange bandeji tinene kuti anagwa panjinga. Ine ndakana, nkhoswe siyamba ntchito ndi bodza. Pakadali pano tikufunafuna wotchi ya lamba wotambalala, ndipo amene ali nayo atibwereke, ngakhale ikhale yosayenda.