Dazi langa lakana sayansi

Lachitatu lapitali mwana wanga wamkazi, wa Fomu 2, anabwera ndi homuweki: akhule rula ya pulasitiki pa tsitsi, ayiyandikize ku tizidutswa ta pepala, alembe zimene waona. Poti iye anali atangolukitsa, anati, "Adadi, tandibwerekani mutu wanu."

Ndinavomera msanga. Pajatu ndinalembapo mayeso a sayansi, ngakhale zotsatira zake sitizitchula pakhomo pano. Ndinakhala pampando ngati nyakwawa pabwalo n'kuyamba kumuphunzitsa asanandifunse. Ndinamuuza za Thales wa ku Miletus, amene akuti zaka pafupifupi 600 Yesu asanabadwe anaona kuti utomoni wouma wotchedwa amber ukakhulidwa umakoka tinthu topepuka. Agiriki ankautcha elektron, ndipo dzina la magetsi la Chingerezi linachokera pamenepo. Ndinawonjezeranso Benjamin Franklin, amene anatcha machaji awiri a magetsi kuti pozitivu ndi negetivu. Zonsezi ndinali nditaziwerenga m'buku lake lomwelo iye ali kubafa.

Chimene ndinaiwala n'choti tsitsi langa linasamuka kalekale. Latsala la m'mbali, ngati udzu wa m'mphepete mwa bwalo la mpira. Ndipo m'mawa ndinali nditadzola Vaseline mosaumira.

Mwana anakhula. Anakhulanso. Mutu unatentha, n'kuwala ngati poto wotsukidwa ndi mchenga. Mapepala ali phee. Ndinati wonjezera mphamvu, misozi ikulengeza. Mapepala osasuntha ngakhale pang'ono. Aneba anasuzumira pampanda, anaona bambo wamkulu akupalidwa mutu ndi rula patsogolo pa timapepala, anabwerera osapereka moni. Pofika madzulo mzere wonse unali utamva kuti ndayamba zokhwima.

Poona kuti mapepala sakusuntha, ndinaloza chala mvula. Apa ndinali ndi mfundo ndithu: pokhula, ma elekitironi amachoka kutsitsi kupita ku pulasitiki, rula imakhala negetivu n'kuyamba kukoka pepala, koma chinyezi chimathawitsa chajiyo. N'chifukwa chake mu Juni, kukauma, bulangete limathetheka usiku, zimene ndili mwana ndinkati ndi afiti akuyatsa machesi.

Mayi akunyumba, amene ankasankha mpunga chapomwepo, anangoti, "Abambo, kodi mvulayi ikugwa pa dazi lanu lokha?" Anavula duku, anatenga chipeso cha pulasitiki, anapesa tsitsi lawo louma kangapo, n'kuchiyandikiza. Timapepala tija tinadumpha ngati ana aona alendo atanyamula jumbo. Osakhutira, anapita pampopi, anatsegula madzi pang'ono ngati ulusi, ndipo madzi anapindikira kuchipeso ine ndikuona ndi maso angawa. Munthu amene sanatchulepo Thales moyo wake wonse!

Mwana ndiye anamaliza kundiphera ufulu. Anati aphunzitsi ananena kuti mafuta ndi thukuta zimasokoneza zonse, ndipo pamafunika tsitsi lenileni, osati malo amene panali tsitsi.

Mu lipoti lake analemba mizere iwiri. Tsitsi la amayi: mapepala anadumpha. Mutu wa adadi: palibe chinachitika. Aphunzitsi anachonga, n'kuwerengera kalasi yonse monga chitsanzo cha ntchito yabwino.

Anzanga a dazi, mwana akabwera ndi rula m'manja, mulozereni kwa amayi ake, inu muzikaona nkhuku kuseri.