Mlandu wa Gogo Laputopu pa Bwalo la Amfumu

Wodandaula anafika pabwalo atakulungidwa m'chitenje, ndipo poti batire yake inafa kalekale, nduna inachita kukoka waya kuchokera pa sola ya amfumu. Anali Gogo Laputopu, wa m'nthawi ya Windows Vista, wa RAM ya 2GB, amene aphunzitsi ena opuma anamugula m'tauni atagwira kale ntchito kunja.

"Zikomo amfumu," anayamba gogoyo, fani ikulira. "Windows 10 analeka kundisamala pa 14 October 2025. Nditagogoda kwa Windows 11, anandifunsa TPM 2.0 ndi RAM ya 4GB, zomwe ine sindinazionepo. Adzukulu akuti ndilowe Linux. Koma ofuna kudzakhala m'nyumba mwanga achuluka, pamene nyumbayo ndi yachipinda chimodzi. Mundisankhire ndinu."

Nduna inafotokozera anthu kuti alendowa ndi amene amayala menyu, mawindo ndi tizithunzi todina pa sikirini. Linux ndi yemweyo, koma woyala pakhomo umasankha wekha.

Woyamba kuitanidwa anali GNOME, wobadwa mu 1997 m'manja mwa Miguel de Icaza ndi Federico Mena a ku Mexico. Anakana kukhala pamphasa. Anati mawindo ake amatseguka mochita kuvina, ndipo Ubuntu amene amayenda naye safuna RAM yochepera 4GB.

"Ndiye mwabwera kudzatani, achimwene?" anafunsa amfumu.

GNOME asanayankhe, MATE anadzuka kumbuyo, nkuloza chala. "Ameneyu ndi mbale wanga! Mu 2011 anagwetsa nyumba ya makolo nkumanga GNOME 3, ine nkutola zotsala za GNOME 2." Anakokana makolala mpaka amfumu anawauza kuti za ufumu wa kwawo akakambirane kwa a T/A.

KDE Plasma, mwana wa Matthias Ettrich wa ku Germany, analumbira kuti masiku ano anaonda, ndipo pamenepa sananame. Koma atafunsidwa kuti wotchi amaiika pati, anatsegula zosankha zambirimbiri nkuyamba kuzilongosola chimodzichimodzi. Dzuwa linafika paliwombo akadali pa mtundu wa zilembo.

Xfce analowa mwaulemu, mbewa yake ili pachifuwa, poti ndicho chizindikiro chake. Anyamata a kumbuyo anayamba kumeza malovu, nduna nkuwakumbutsa kuti mboni si ndiwo. Xfce anati anamuyambitsa Olivier Fourdan wa ku France mu 1996, sathamangira mafashoni, ndipo batani ukalisiya apa chaka chino, chaka chamawa ulipeza pomwepo. Azimayi anaomba m'manja.

LXQt ndiye anavuta pa za mtundu. Anabadwa mu 2013 pamene LXDE, wa Hong Jen Yee wa ku Taiwan, anagwirizana ndi Razor-qt, ndipo akuluakulu anatsutsana nthawi yaitali ngati mwanayu ndi wa kuchimuna kapena wa kuchikazi. Mwiniwake anangoti, "Ine ndimadya pang'ono, amfumu. Lubuntu ananditenga mu 2018. Koma gogoyu akhale wa 64-bit, poti Lubuntu wa 32-bit anasiya kutuluka." Atamuyang'ana gogoyo, anapeza kachomata kofufuma kolembedwa Core 2 Duo, kusonyeza kuti ndi wa 64-bit, mitima ya anthu pabwalo nkukhala pansi. IceWM, amene anabwera ndi antiX, anakuwa ali kuseri kwa mtengo kuti iye amadya zochepa kuposa onsewo, koma nduna inati ameneyo ndi wotsegula mawindo chabe, adikire gogo akadzafika pothera.

Amfumu atatsala pang'ono kugamula, mdzukulu wa aphunzitsi anagwada. "Pepani amfumu, onsewa akulimbirana makombo. Womaliza nsima m'nyumbamo sanaitanidwe."

Anamukoka Firefox kubwera naye pabwalo, Chrome akubisala kumbuyo kwake.

"Ine ndimangotumidwa," anadziteteza Firefox. "Masamba a pa intaneti a masiku ano ndi olemera. Funsani aphunzitsiwa amatsegula angati nthawi imodzi."

Aphunzitsi anayang'ana pansi. Anatchula Facebook, WhatsApp Web, YouTube, kenako mawu anayamba kuzilala. Kuti bwalo lione lokha, mdzukulu anatsegula onsewo. Gogo anauma gwa, kamuvi ka pa sikirini kosasuntha, hadi disiki ikukukuta mano poyesa kusunga zomwe RAM yalephera.

Chigamulo chinali chotere: LXQt alowe m'nyumbamo, ndipo akakanika kugwirizana ndi aphunzitsi, Xfce alowe m'malo. GNOME akafune nyumba yamalata kwina. Aphunzitsi alipire nkhuku imodzi ya bwalo, agulire gogo SSD, aonjezere RAM ngati malo alipo, ndipo asatsegule masamba opitirira atatu.

Anthu akubalalika, amfumu anakodola mdzukulu uja nkumunong'oneza kuti atsegule tsamba lachinayi, aone ngati Bullets yachinya Wanderers.